Chifukwa chake matayala a ndege sapopedwa mpweya wamba

Matayala a ndege zikuluzikulu zonyamula anthu, monga Boeing 737 imene imatera pa Chileka ndi pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, sapopedwa mpweya wamba. Amapopedwa nayitrojeni wouma wochokera m'masilinda, ndipo limeneli ndi lamulo lolembedwa. Dzina la nayitrojeni si lachilendo kwa mlimi wa ku Chigwa cha Shire. Ndi chakudya chija cha mbewu chimene amachigula m'thumba la feteleza wa yureya, momwe chilimo 46 peresenti, ndiponso chimene nandolo ndi khobwe zimasiya m'nthaka. Mu tayala la ndege amafunidwa pa chifukwa china: sayaka, sakoleza moto, ndipo akakhala wa m'silinda sabwera ndi madzi.

Mpweya umene anthu amapuma ndi wosakanikira. Pa magawo 100 alionse, 78 ndi nayitrojeni, 21 ndi okosijeni, ndipo gawo limodzi lotsalalo ndi timipweya tina. Pamwamba pa izi pamakhalanso chinyezi, chambiri kapena chochepa malinga ndi malo ndi nyengo. Ndiye kuti tayala la njinga ya kabaza yonyamula matumba pa Marka, pamalire a Malawi ndi Mozambique pomwe msewu wa M1 umathera, nalonso muli nayitrojeni kale, magawo oposa atatu mwa anayi. Nkhani yonse yagona pa zotsalazo, okosijeni ndi madzi. Pa njinga sizivuta kwenikweni, koma pa ndege okosijeniyo anaphapo anthu.

Kuti zimveke bwino, m'pofunika kuona kaye zimene tayala la ndege limakumana nazo. Boeing 737 ikadzaza anthu, katundu ndi mafuta imalemera matani 70 kapena kuposa, koma ili ndi matayala asanu ndi limodzi okha, awiri kutsogolo ndi anayi pansi pa mapiko. Anayiwo ndiwo amasenza pafupifupi kulemera konse, lililonse matani oposa 15, ndipo ndi omwe ali ndi mabuleki. Kuti apirire amapopedwa pulesha ya pafupifupi 200 psi, pamene tayala la galimoto yaing'ono limakhuta ndi 30 kapena 35. Ndege imatera ili pa liwiro la makilomita pafupifupi 250 pa ola, matayala ali duu, osazungulira. Akangokhudza phula amakhwekhwereka kaye asanayambe kuzungulira, ndipo utsi umene umaoneka pamenepo ndi labala wopserera, yemweyo amene amasiya mizere yakuda pa msewu wa ndege. Kenako mabuleki amagwira, liwiro lonse la matani amenewa n'kusanduka kutentha mkati mwa mawilo. Pa kutera kwa masiku onse mabuleki amafika madigiri mazana angapo. Woyendetsa akaona vuto ali kale pa liwiro lonyamukira n'kuimitsa ndege mwadzidzidzi, amatha kupitirira madigiri 1,000. Mabuleki amenewa amakhala mkati mwa limu, moyandikana kwambiri ndi labala.

Mabwalo ambiri amene ndege za ku Malawi zimayendako amawonjezera ntchitoyi chifukwa ali pamalo okwera. La ku Lumbadzi lili mamita pafupifupi 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, la OR Tambo ku Johannesburg pafupifupi 1,700, ndipo la Bole ku Addis Ababa lapitirira 2,300. Kumalo okwera mpweya ndi wopepuka, choncho ndege imathamanga mtunda wautali ndiponso mwaliwiro kwambiri isanadzuke, makamaka tsiku lotentha.

Kuphulika kwa tayala kuli mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amaisokoneza. Mtundu woyamba anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa amaudziwa bwino. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, njinga yopopedwa kwambiri m'mawa ikasiyidwa padzuwa masana chubu chimaphulika chokha, mwini wake ali phee pamthunzi. Mpweya ukatentha umakankha makoma a tayala mwamphamvu, ndipo tayala lakutha kapena lomatamata limagonja. Kuphulika kotere nayitrojeni sangakuletse. Amafufuma ndi kutentha mofanana ndi mpweya wamba wouma: pulesha ya tayala la ndege imakwera pafupifupi 1 peresenti pa madigiri atatu alionse, kaya mwapopedwa uti mwa iwiriyo. Vutoli opanga ndege analithetsa mwa njira zina. Tayala la ndege lisanavomerezedwe limayesedwa kuti lipirire, kwa masekondi atatu, pulesha yochuluka kanayi kuposa imene limagwirira ntchito. Ndipo m'limu amaikamo tizitsekero ta chitsulo chosachedwa kusungunuka. Wilo likatentha kufika pamlingo woikika, kachitsekero kamasungunuka, mpweya n'kutuluka, tayala n'kuphwa lisanaphulike.

Mtundu wachiwiri ndi moto wa mkati mwa tayala, ndipo ndi umene unabweretsa lamulo la nayitrojeni. Labala akatentha kwambiri amayamba kutulutsa nthunzi zoyaka, zimene zimasonkhana m'tayalamo popeza zilibe kothawira. Zikasakanikirana ndi okosijeni wopanikizidwa, kutentha n'kufika pamlingo wake, zimayaka zokha popanda machesi kapena nthethe. Aliyense amene anakupizapo mbaula amadziwa zimene mpweya wambiri umachita pa makala. Tsono tayala la 200 psi lopopedwa mpweya wamba limakhala ndi okosijeni wochuluka pafupifupi ka 14 kuposa amene akanakhalamo likanakhala losapopa. Moto wake umayaka m'kuphethira kwa diso, pulesha imalumpha kupitirira imene tayala ndi limu zingapirire, ndipo tizitsekero tija sitipeza mpata wogwira ntchito. Choopsa china n'chakuti izi sizichitika pompopompo. Kutentha kwa mabuleki kumatenga mphindi zingapo kuti kulowerere m'limu ndi mu labala. Pofika nthawiyo ndege ikhoza kukhala ili m'mwamba, mawilo atapindidwira m'mimba mwake, pafupi ndi mapaipi a mafuta, mapaipi a hayidiroliki oyendetsera ziwongolero, ndi mawaya amagetsi.

Ndi zimene zinachitika pa 31 Malichi 1986. Ndege ya Boeing 727 ya kampani ya Mexicana inanyamuka ku Mexico City kupita ku Puerto Vallarta, buleki ya kumanzere itatentha mopitirira pothamanga kuti inyamuke. Patapita mphindi pafupifupi 15, tayala linaphulika m'chipinda cha mawilo, n'kudula mapaipi a mafuta ndi a hayidiroliki, moto n'kubuka. Oyendetsa anayesa kubwerera koma ndegeyo inagwera m'mapiri pafupi ndi Maravatío, ndipo anthu onse 167 amene anakwera anafa. Ofufuza anapeza kuti tayalalo linapopedwa mpweya wamba.

Chaka chotsatira, mu 1987, bungwe loyang'anira za ndege ku United States la Federal Aviation Administration linalamula kuti mawilo okhala ndi mabuleki pa ndege zikuluzikulu azipopedwa nayitrojeni wouma, litaona kuti ngozi ya mtunduwu inali itachitika maulendo osachepera atatu. Mu 1993 lamuloli linalowetsedwa m'malamulo okhazikika a kapangidwe ka ndege. Limakhudza ndege zolemera kuposa mapaundi 75,000 ponyamuka, amene ndi matani pafupifupi 34, ndipo limati okosijeni wa mu tayala asapitirire 5 peresenti. Ku Ulaya kuli lamulo lofanana nalo. Popeza amakaniko a ndege kulikonse amatsata buku la wopanga ndegeyo, ndipo mabungwe a boma monga Malawi Civil Aviation Authority amaonetsetsa kuti zimenezi zikutsatidwa, lamulo lolembedwa ku Washington limagwira ntchito pa Chileka. Boeing ya Malawi Airlines, kampani imene inayamba maulendo mu Januwale 2014 ndipo boma lili ndi magawo 51 pamene Ethiopian Airlines ili ndi 49, ili mkati mwa lamuloli. Ndege ya mapulopela ya Q400 imalemera matani pafupifupi 29, pansi pa mlingo uja, komabe opanga matayala a ndege amalangiza nayitrojeni ngakhale pa zoterezi.

Malire a 5 peresenti ali ndi masamu ake osavuta. Tayala latsopano likamamangidwa pa limu mumakhala kale mpweya wamba, ndipo palibe amene amaukoka. Koma nayitrojeni akalowa mpaka 200 psi, mpweya woyambawo umangokhala gawo limodzi mwa magawo 14 kapena 15, okosijeni n'kutsika kuchoka pa 21 kufika cha pa 1.5 peresenti. Pamenepo nthunzi za labala zilibe choyakira. Mpata wotsala pakati pa 1.5 ndi 5 ndi umene unalola kuti lamulo la 1987 lisiye khomo lina lotsekula: ndege ikakhala pabwalo lakutali kopanda nayitrojeni, tayala likhoza kuwonjezeredwa mpweya wamba, malinga okosijeni asapitirire malire aja, apo ayi liphwetsedwe ndi kupopedwanso nayitrojeni maola 15 akuuluka asanakwane.

Chinthu chachiwiri ndi madzi, ndipo apa Chigwa cha Shire chili ndi umboni wake. Dera la Marka lili pafupi ndi malo otsika kwambiri m'Malawi, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Shire amadutsa m'dambo la Ndindi kulowera ku Mozambique. M'dzinja mpweya wa kumeneko ndi wotentha komanso wachinyezi chambiri. Kompuresa ya womata matayala imakoka mpweya womwewo n'kuupanikiza, ndipo chinyezicho chimasanduka madzi enieni amene amasonkhana pansi pa thanki. N'chifukwa chake pansi pa thanki pamakhala kampopi kokhetsera. Womata akachita ulesi kukhetsa, madontho amatsata paipi mpaka mu tayala la kasitomala.

Mu tayala la ndege madontho amenewa ndi mavuto angapo. Pa mamita 11,000, pomwe ndege zikuluzikulu zimauluka, kunja kumazizira madigiri 50 kapena kuposa pansi pa ziro, ndipo chipinda cha mawilo sichitenthetsedwa.  Madzi akaundana akhoza kumata valavu. Tayala likatentha potera, madzi omwewo amasanduka nthunzi n'kukweza pulesha mwa njira yosawerengeka, mwakuti makaniko sangakhulupirire zimene geji ikumuuza. Pang'onopang'ono madzi ndi okosijeni zimadyanso limu, imene imapangidwa ndi aluminiyamu kapena maginiziyamu, ndipo okosijeni amakalambitsa labala kuchokera mkati. Izi zili ndi mtengo wake, chifukwa tayala la ndege silitayidwa mapazi akatha. Likatera maulendo mazana angapo limatumizidwa kufakitale kukavekedwa mapazi atsopano, ndipo thupi limodzi limavekedwa kangapo ngati mkati mwake muli bwino. Nayitrojeni wa m'silinda alibe chinyezi chifukwa cha kapangidwe kake: mafakitale amaumitsa mpweya, n'kuuziziritsa mpaka usanduke madzimadzi, kenako n'kulekanitsa nayitrojeni, amene amawira pa madigiri 196 pansi pa ziro, ndi okosijeni, amene amawira pa 183 pansi pa ziro.

Pali zifukwa zina zimene zimanenedwa m'misewu koma sizoona. Ena amati tayala la mpweya wamba lingaphulike m'mwamba chifukwa kunja kulibe mpweya wolikankha. Kutsika kwa mpweya wakunja kumangowonjezera pafupifupi 11 psi pa tayala loyesedwa kupirira 800. Ena amati nayitrojeni amapeputsa ndege. N'zoona kuti ndi wopepukirako ndi 3 peresenti, koma pa matayala asanu ndi limodzi kusiyanako sikufika ngakhale kilogalamu imodzi.

Nayitrojeni payekha sateteza ndege, ndipo phunziro limeneli linagwera anthu a mu Africa. Pa 11 Julaye 1991, ndege ya DC-8 ya kampani ya ku Canada ya Nationair, yobwerekedwa ndi Nigeria Airways, inanyamuka ku Jeddah kupita ku Sokoto itanyamula Asilamu obwerera kwawo kuchokera ku Haji. Amakaniko ankadziwa kwa masiku angapo kuti matayala ena pulesha yake ndi yotsika. M'mawa wa tsikulo makaniko anafuna nayitrojeni kuti awonjezere, koma sanapezeke msanga, ndipo woyang'anira ulendowo sanafune kuti ndege ichedwe. Inanyamuka choncho. Tayala lopanda mpweya wokwanira silisenza gawo lake, katundu amagwera linzake la pa ekiselo yomweyo. Linzakelo linapindikapindika pa mtunda wautali wopita kumsewu wonyamukira, linatentha, n'kung'ambika ndege itangoyamba kuthamanga. Lophwa lija linatsatira, limu n'kumakhula phula mpaka moto unayaka. Oyendetsa sanadziwe kuti pansi pali moto, anapinda mawilo n'kuulowetsa m'mimba mwa ndege. Anayesa kubwerera koma ndegeyo inagwa patatsala makilomita atatu kufika pa msewu wa bwalo, ndipo anthu onse 261 anafa. Ofufuza anapezanso kuti manambala a pulesha m'mabuku a ndegeyo anali atasinthidwa. Poyerekeza ndi ngozi ya ku Mexico ija, ya ku Jeddah ndi imene iyenera kuopsa kwambiri mayiko a mabwalo ang'onoang'ono, pakuti chinaiyambitsa ndi chinthu chozolowereka: chida chofunika kusowa pamalo, munthu n'kunena kuti tiyeni tidzaona kutsogolo.

N'chifukwa chake pulesha ya matayala a ndege imayezedwa tsiku lililonse ndi geji yoyesedwa, matayala atazizira, patapita maola awiri kapena atatu ndege itatera. Kuyang'ana ndi maso sikuthandiza, popeza tayala lophwa limabisala kumbuyo kwa linzake lokhuta. Tayala labwinobwino limaloledwa kutaya mpaka 5 peresenti pa maola 24. Likapezeka litatsika pansi pa 90 peresenti litayenda ndi katundu limachotsedwa, ndipo likatsika pansi pa 80 limachotsedwa pamodzi ndi linzake, ngakhale linzakelo likuoneka lamoyo. Ndege yochoka kotentha kupita kozizira amaipopera poganizira kozizirako, chifukwa kusiyana kwa madigiri 30 kumadya 10 peresenti ya pulesha. Ntchito yopopayo nayo ndi yoopsa. Silinda ya nayitrojeni imasunga pulesha yoposa kakhumi ya tayala, ndipo amakaniko anafapo polumikiza paipi popanda chochepetsera pulesha, limu n'kusweka pakati. Tayala longomangidwa kumene limapopedwa lili m'khola la zitsulo. Ozimitsa moto a pabwalo amaphunzitsidwa kuyandikira wilo lotentha kuchokera kutsogolo kapena kumbuyo, popeza zidutswa za limu zimaulukira m'mbali.

Mpweya womwewu uli ndi ntchito zina pa ndege. Miyendo yotera imakhala ndi mafuta ndi nayitrojeni wopanikizidwa amene amameza kugunda kwa pansi, kuphatikizapo pa helikopita za mawilo ngati zimene zimanyamula chakudya ndi anthu ku Nsanje madzi akasefukira, monga mu Januwale 2015 pamene Makhanga inadulidwa. Chichitikireni ngozi ya ndege ya TWA pafupi ndi New York mu Julaye 1996, imene thanki yake ya mafuta inaphulika n'kupha anthu 230, ndege zatsopano zimakhala ndi makina othira mpweya wochuluka nayitrojeni m'thanki yapakati.

Timabwalo ta m'Chigwa cha Shire, monga ta ku Nsanje, Bangula ndi Nchalo, timalandira tindege ting'onoting'ono. Matayala ake amapopedwa pulesha yofanana ndi ya galimoto kapena kuposerako pang'ono, mabuleki ake satentha ngati a Boeing, ndipo tambiri mawilo ake sapindidwa. Lamulo lija silitikhudza, ndipo tambiri timayendera mpweya wamba wouma popanda vuto.

Chimodzimodzi magalimoto. Malo ena ogulitsa matayala m'mizinda amapopa nayitrojeni pamtengo, n'kuveka valavu kachipewa kobiriwira. Phindu lilipo koma ndi laling'ono: okosijeni amadutsa mu labala mofulumirirapo kuposa nayitrojeni, choncho tayala limachedwerako kuphwa, ndipo mkati mumakhala mouma. Koma masamu aja amatembenuka apa. Tayala la 32 psi likapopedwa nayitrojeni kamodzi, osaliphwetsa ndi kulipopanso, mumatsala okosijeni wa 6 kapena 7 peresenti. Moto wa mkati umene ndege zimaopa suchitikachitika pa galimoto yaing'ono. Umachitika pa malole ndi makina akuluakulu, makamaka wina akawotcherera limu tayala lili pompo, chinthu chimene owotcherera a m'misika ayenera kuchikana ngakhale tayalalo litaphwetsedwa.

Chimene chimaphulitsa matayala a minibasi ndi malole pa msewu wa Marka, Nsanje mpaka Chikwawa m'chilimwe ndi chija cha ku Jeddah: pulesha yochepa, katundu wopitirira, liwiro, ndi phula lotentha. Tayala lophwa limapindika kwambiri pozungulira ndipo limadzitenthetsa lokha mpaka nsalu zake zamkati zitalekana. Dalaivala amene amaphwetsako tayala lotentha masana poopa kuti liphulika amaliyandikizitsa kophulikako, chifukwa likazizira limakhala lopanda mpweya wokwanira. Pulesha iyezedwe m'mawa galimoto isanayende, ndi geji, motsata nambala imene wopanga galimotoyo analemba pa chitseko kapena m'buku lake, ndipo tayala lopopedwa nayitrojeni likatsika panjira liwonjezeredwe mpweya wamba pa kompuresa yoyamba kupezeka.